MAFUTA A M'MUNDA M'CAKUDYA CA NSOMBA ZOWETA

 Nkhani yathu ya lero ikhudza mbale ya ndiwo. Ambiri a ife tikalandira malipiro, nsomba ndiyo ndiwo imene tiyamba kuifunsa mtengo pa msika, pakuti nyama ya ng'ombe siifikirika masiku onse. Koma ndi ocepa amene afunsa kuti nsomba imeneyo inadya ciani isanafike pa thebulo la wogulitsa. Funso limeneli lioneka ngati laling'ono, koma m'kati mwake muli zinthu ziwiri zazikuru: mtengo umene mulipira, ndi mphamvu imene ana anu apeza akadya nsombayo. Tsono cherani khutu, tikambirane za mafuta amene alimi aika m'cakudya ca nsomba zoweta.

NSOMBA YA PA MSIKA ICOKERA KUTI?

Kale nsomba yonse imene tinali kudya inali ya asodzi: ya ku Kafue, ya ku Bangweulu, ya ku Mweru, ya ku Tanganyika, ndipo pambuyo pake ya ku Kariba. Kuweta nsomba m'maiwe okumba kunayesedwa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, koma kwa nthawi yaitali kunali nchito ya anthu owerengeka. Lero zinthu zasintha. Anthu aculuka, nyanja ndi mitsinje sizinakule, ndipo nsomba zambiri za bream zimene muona pa Soweto mu Lusaka kapena pa Chisokone ku Kitwe n'zoweta. Zina zikulira m'makhola oyandama pa nyanja ya Kariba ku Siavonga, kumene kampani ya Yalelo inayamba nchito mu 2011. Zina zikulira m'maiwe a alimi.

Amene muyenda pa mseu waukuru wopita kum'mawa mudziwa kuti mukacoka mu Lusaka, musanayende makilomita 50, mufika pa Chongwe, m'dziko la Asoli. M'boma limeneli muli Chalimbana, pamene pali maiwe a nsomba a Boma, ndiponso muli mafamu ang'ono-ang'ono ambiri, ena a anthu amene anapuma nchito m'tauni nagula malo. Alimi a kumeneko alima cimanga, soya ndi mpendadzuwa, aweta nkhuku, ndipo ena akumba maiwe cifukwa msika wa Lusaka uli pafupi. Mlimi wotere adziwa cinthu cimodzi bwino lomwe: pa ndalama zonse zimene aononga kuti nsomba ikule, zopitirira theka zithera pa cakudya. Kuti apeze kilo limodzi la nsomba, ayenera kuponya m'madzi kilo limodzi ndi theka kapena makilo awiri a cakudya cogula. Cotero cakudya cikakwera mtengo, nsomba ikweranso, ndipo wolira potsiriza ndi mai wa ku Matero kapena wa ku Chamboli amene agwira dengu pa msika.

KODI NSOMBA IFUNIRANJI MAFUTA?

Cakudya ca nsomba cili ngati cathu. Cifunika kukhala ndi zomanga thupi, zonga zimene tipeza m'nyemba ndi m'nyama. Cifunika zopatsa mphamvu, zonga gaga ndi cimanga. Ndipo cifunika mafuta pang'ono. Mafutawo agwira nchito ziwiri. Yoyamba ndiyo kupatsa mphamvu, pakuti supuni ya mafuta ili ndi mphamvu yoposa kawiri ya ufa wolemera cimodzi-modzi. Nsomba ikapeza mphamvu m'mafuta, siitentha zomanga thupi monga nkhuni, koma izisunga kuti zisanduke mnofu.

Nchito yaciwiri njobisika, koma ndiyo mwini nkhani. Mafuta sali mtundu umodzi iai. M'kati mwa mafuta muli timagulu tosiyana-siyana, ndipo tina mwa ito thupi silingathe kupanga lokha, liyenera kutilandira m'cakudya. Akatswiri agawa timagulu tofunikato pawiri, nacha gulu lina omega-6 ndi lina omega-3. M'gulu la omega-3 muli mitundu iwiri yamtengo wapatali imene aicha EPA ndi DHA. Imeneyi ndiyo imanga ubongo ndi maso, pa nsomba ndi pa munthu yemwe. Mwana akali m'mimba mwa amake, ndiponso pamene ayamwa, afuna DHA kuti ubongo wake ukule bwino, ndipo kwa akuru mafuta omwewo athandiza mtima. Mafuta a nsomba za m'nyanja ya mcere ali ndi EPA ndi DHA wambiri. Ici ndico cifukwa cake opanga cakudya ca nsomba zoweta anayamba ndi mafuta amenewa.

MAFUTA A NSOMBA NDI BVUTO LAKE

Mafuta a nsomba acokera kutali ndi ife. Zombo zikulu-zikulu zigwira tinsomba tating'ono ta m'nyanja ya mcere, makamaka kufupi ndi dziko la Peru ku South America, kumene kuli kansomba kochedwa anchoveta, kokulirapo pang'ono kuposa kapenta. Pa fakitale aphika tinsombato, atifinya, napatula madzi ndi mafuta. Zotsala aziumitsa nazipera kukhala ufa wa nsomba. Mafuta amene atuluka ngocepa ndithu: kuti apeze kilo limodzi la mafuta, afunika kufinya makilo pafupi-fupi 20 a tinsomba. Masiku ano afinyanso mitu, matumbo ndi zodula zina zotsala m'mafakitale okonza nsomba, komabe mafuta a nsomba a dziko lonse lapansi ali pafupi ndi matani 1 miliyoni pa caka, ndipo ciwerengero cimeneci cakhala pomwepo zaka zambiri.

Koma oweta nsomba sanaime pomwepo. Bungwe la FAO, limene liyang'anira za cakudya ndi ulimi pansi pa United Nations, linalengeza kuti m'caka ca 2022 nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi zoweta zinafika matani 94 miliyoni, kuposa matani 91 miliyoni a asodzi. Kanali koyamba kuti oweta apambane asodzi. Taganizani tsono: ana aculukira-culukira m'nyumba, koma mphika ndi womwewo. Cimene cicitika m'nyumba yotere mucidziwa nonse.

Palinso bvuto la nyengo. Zaka zina madzi a m'nyanja kufupi ndi Peru atentha kuposa masiku onse, cinthu cimene acicha El Niño, ndipo anchoveta athawira pansi kapena abalalika. Mu 1972 usodzi umenewu unagwa kotheratu, cifukwa ca kutentha kwa madzi pamodzi ndi kusodza kopitiriza muyeso. Mu June 2023 Boma la Peru linaletsa nyengo yoyamba ya usodzi wa anchoveta, ndipo mtengo wa mafuta a nsomba unakwera kufika pamene sunafikepo ndi kale lonse. Ife a m'Zambia tilibe doko la pa nyanja ya mcere. Ciri conse cocokera ku nyanja ya mcere ciyenera kuyenda pa lole masiku ambiri, ndipo cigulidwa ndi madola. Mlimi wa ku Chongwe sangapikisane ndi makampani olemera a ku Ulaya pa mbiya imodzi ya mafuta.

Cina cimene tiyenera kucinena poyera n'cakuti tinsomba tofinyidwato n'cakudya ca anthu. Ku Mauritania, ku Senegal ndi ku Gambia amanga mafakitale a ufa ndi mafuta a nsomba m'mbali mwa nyanja, ndipo akazi amene kale anali kuumitsa nsomba zazing'ono ndi kugulitsa kwa osauka adandaula kuti nsombazo zithera ku mafakitale. Ifenso tili ndi kansomba kathu, kapenta, amene anamtenga ku Tanganyika namthira m'nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968. Tikayamba kupera kapenta wabwino kuti tidyetse nsomba zazikuru, ndiye kuti talanda ndiwo m'mbale ya wosauka ndi kuiika m'mbale ya wolemera.

MAFUTA A M'MUNDA

Pa zifukwa zimenezi anthu anzeru zofufuza anayang'ana ku munda. Mafuta a mbeu ngambiri pa dziko lapansi, ngochipa, ndipo ena tilima tokha: soya, mpendadzuwa, nshawa ndi njere za thonje. Maiko ena ali ndi mafuta a kanjedza, a canola ndi a mbeu yochedwa linseed. Kunena za mphamvu, mafuta onsewa alingana ndi mafuta a nsomba. Kusiyana kuli pa timagulu tija.

Palibe mbeu ya m'minda yathu imene ili ndi EPA kapena DHA. Mpendadzuwa, thonje ndi cimanga zili ndi omega-6 wambiri, koma omega-3 mulibe, kapena alimo wocepetsetsa. Nshawa nazo n'cimodzi-modzi. Soya ali ndi omega-6 wambiri, koma alinso ndi omega-3 wa mtundu waufupi, pafupi-fupi magawo 7 pa magawo 100 a mafuta ake. Canola ali nayenso, ndipo linseed ndiye apambana zonse, pakuti theka la mafuta ake ndi omega-3 waufupiyo. Ndati waufupi cifukwa omega-3 wa m'mbeu ali ngati cingwe cosakwanira: thupi liyenera kucilumikiza ndi kucitalikitsa kuti cikhale EPA ndi DHA. Funso tsono n'lakuti, kodi nsomba idziwa kulumikiza cingwe cimeneci?

MWAI WA NSOMBA YATHU

Apa ndi pamene ife tili ndi mwai. Nsomba zambiri za m'nyanja ya mcere sizidziwa nchito imeneyi, cifukwa kwao EPA ndi DHA apezeka wokonzeratu m'zimene zidya, ndipo sizinafunikire kudzipangira. Koma nsomba za m'madzi opanda mcere, monga bream wathu, mbale wake wa cambo wa ku Malawi, ziidziwa. Ciwindi ca bream citha kutenga omega-3 waufupi wa m'mbeu ndi kumtalikitsa. Sicipanga wambiri, koma cipanga wokwanira kuti nsombayo ikule ndi kukhala yamoyo bwino. Ndiponso bream mwa cibadwa cake si cirombo codya nsomba zinzake. Adya ndere, tizirombo tosaoneka ta m'madzi ndi zomera. Afuna mafuta ocepa m'cakudya cake, magawo osapitirira 10 pa 100, ndipo omega-6 wa m'mbeu amthandiza kukula.

Ofufuza m'maiko ambiri ayesa kucotsa mafuta onse a nsomba m'cakudya ca bream ndi kuikamo a soya, a canola, a kanjedza kapena osakaniza, ndipo apeza kawiri-kawiri kuti nsomba zikula cimodzi-modzi. Cotero cakudya ca bream cimene cigulitsidwa masiku ano cidalira kwambiri soya, cimanga ndi gaga, ndipo zocokera ku nsomba zikhalamo pang'ono, makamaka m'cakudya ca tiana. Ici ndico cinatheketsa kuti mafakitale a cakudya ca nsomba amangidwe m'dziko lopanda nyanja ya mcere. Mu 2017 makampani a Aller Aqua ndi Skretting anatsegula mafakitale ao ku Siavonga, ndipo mu 2022 bungwe la WorldFish, ndi ndalama za dziko la Norway, linayamba nchito yofufuza zakudya za nsomba zopangidwa ndi zinthu za konkuno, m'Zambia, m'Kenya ndi m'Nigeria.

PHUNZIRO LOCOKERA KU ULAYA

Komatu walira mvula walira matope. Kukula kwa nsomba n'kwina, ubwino wa mnofu wake n'kwina. Lamulo lake n'losabvuta: mafuta amene nsomba idya ndiwo akhala m'mnofu wake, ndipo amenewo ndiwo mudya inu. Amene munawetapo nkhuku mudziwa kuti dzira la nkhuku ya kumudzi yodya msipu lisiyana mtundu ndi dzira la nkhuku ya m'khola. Pa nsomba zili momwemo.

Anthu a ku Norway ndi ku Scotland aweta nsomba yochuka yochedwa salmon m'makhola a m'nyanja ya mcere. Mu 1990 cakudya ca salmon ku Norway cinali ndi magawo 24 pa 100 a mafuta a nsomba. Pofika 2016 anatsala magawo 10 okha, ndipo malo otsalawo anadzazidwa ndi mafuta a mbeu, makamaka canola. Nsombazo zinakula bwino ndithu, ndipo malonda anayenda. Koma akatswiri a pa yunivesite ya Stirling ku Scotland atayesa mnofu wa salmon woweta wa kumeneko, anapeza kuti pakati pa 2006 ndi 2015 EPA ndi DHA anacepa ndi theka. Munthu amene kale anali kukwanira ndi nthuli imodzi pa sabata, tsopano anafunika nthuli ziwiri kuti apeze zomwezo. Ndi maso sakanazindikira kanthu, pakuti nsomba inaoneka yomweyo.

Azungu afuna njira zokonzera bvuto limeneli. Ena adyetsa mafuta a mbeu pamene nsomba ikukula, nabwezera mafuta a nsomba miyezi yotsiriza isanagulitsidwe. Ena anakumbukira kuti nsomba za m'nyanja sindizo ziyambitsa EPA ndi DHA. Mwini wake ndi ndere zazing'ono zosaoneka ndi maso, zimene tinsomba tidya. Tsono aweta nderezo m'matanki akuru nafinya mafuta ake, ndipo fakitale yaikuru ya nchito imeneyi inatsegulidwa ku Nebraska m'dziko la America mu 2019. Mafuta otere akali odula kwa mlimi wamng'ono. Koma phunziro lake ndi laulere: ndere n'cuma.

ZIMENE MLIMI WA KU CHONGWE ANGACITE

Ndidziwa kuti ambiri a inu a ku migodi muganiza za tsiku lopuma nchito, ndipo ena mwagula kale malo ku Chongwe kapena kwina, muli ndi maganizo okumba dziwe. Kwa inu ndili ndi mau asanu.

Coyamba, samalani madzi a m'dziwe kuti akhale obiriwira. Madzi oyera mbee ngokoma kumwa, koma kwa bream ndi mbale yopanda kanthu. Mukathira manyowa a nkhuku kapena a ng'ombe mwa muyeso, ndere ndi tizirombo tating'ono zimera, ndipo bream azisefa tsiku lonse. M'menemo apeza omega-3 amene mulibe m'gaga. Muyeso wake ngwa pa dzanja: lowetsani mkono m'madzi kufika pa cigongono, cikhatho cikayamba kubisika pamenepo, madzi ali bwino. Cikabisika mkono usanalowe kwambiri, manyowa aculuka, ndipo nsomba zidzasowa mpweya m'bandakuca. Apa mlimi wa dziwe apambana woweta m'khola la pa nyanja, pakuti nsomba ya m'khola idalira thumba la cakudya pafupi-fupi pa zonse.

Caciwiri, musadalire mbeu imodzi. Ambiri apeza mosabvuta zotsala pofinya mafuta a mpendadzuwa, zimene alimi azicha keke. Keke imeneyi njabwino, ili ndi zomanga thupi ndipo mutsala mafuta ena, makamaka ngati inafinyidwa pa makina a manja. Koma mpendadzuwa yekha pamodzi ndi gaga apereka omega-6 wokha-wokha, ndipo makoko ake nsomba siigaya. Sefani makokowo, ndipo sakanizani ndi soya, amene abweretsa omega-3 waufupi uja. Kusakaniza mbeu ziwiri kapena zitatu kupambana mbeu imodzi, monga momwe ndiwo zosiyana-siyana zipambana ndiwo imodzi ya masiku onse.

Cacitatu, dziwani kuti mbeu iri yonse ili ndi msampha wake. Soya wamuwisi ali ndi kanthu koletsa mimba kugaya zomanga thupi. Ayenera kukazingidwa kapena kuphikidwa asanaperedwe, koma osapsereza. Njere za thonje zili ndi ululu wochedwa gossypol, umene ucedwetsa kukula ndi kuononga kubereka ngati uculuka. Keke ya thonje ikhale gawo laling'ono cabe, ndipo isapatsidwe kwa nsomba zoswana. Nshawa ndi cimanga zikacita cuku zibala ululu woononga ciwindi, wochedwa aflatoxin. Musanene kuti, "N'zoola, tiponyere nsomba." Cimene simungapatse nkhuku zanu musapatse nsomba zanu.

Cacinai, mafuta abvunda. Mafuta a mbeu ndi a nsomba omwe, akakhala pa dzuwa kapena m'nyumba yotentha ya malata m'mwezi wa October, asintha pfungo nasanduka oipa. Nsomba zicikana cakudyaco, ndipo zikadya zidwala. Sungani matumba pa mthunzi, pa matabwa osati pa dothi, ndipo musagule kapena kusakaniza cakudya coposa cimene cidzatha msanga. Musaculutsenso mafuta poganiza kuti nsomba idzakula msanga. Mafuta opitirira muyeso aunjikana m'mimba ndi pa ciwindi, ndipo wogula akatumbula nsombayo nataya zamkati, ataya ndalama zimene inu munaononga.

Cacisanu, kumbukirani cisanu. Dziko la Lusaka ndi Chongwe n'lokwera, ndipo mu June ndi July madzi a m'dziwe azizira. Madzi akatsika pansi pa madigiri 20, bream acepetsa kudya ndipo kukula kucedwa. Nsomba ilibe moto m'thupi monga ife. Thupi lake lizizira pamodzi ndi madzi. Munaona kuti mafuta a ng'ombe agwirana mu mphika ukazizira, pamene a mpendadzuwa ndi a soya akhalabe amadzi. Mafuta ogwirana otere nsomba ibvutika kuwagaya m'nyengo yozizira. Cotero pa cisanu cepetsani cakudya, ponyani masana dzuwa litatenthetsa madzi, ndipo pewani mafuta olimba.

Tiana ta nsomba tokha ndi nsomba zoswana musaziumire. Pa msinkhu umenewo ubongo, maso ndi mazira zili kupangika, ndipo cakudya cabwino cogula, cokhala ndi ufa wa nsomba pang'ono, cibweza ndalama zake. Tiana tidya zocepa, cotero mtengo wake suli wolemetsa. Pa miyeso yeni-yeni ya kasakanizidwe, funsani alangizi a Dipatimenti ya za Nsomba. Likulu lao lili ku Chilanga. A ku Chongwe muli pafupi ndi Chalimbana, ndipo inu a ku migodi muli ndi malo ofufuzira za ulimi wa nsomba ku Mwekera, pafupi ndi Kitwe. Safunsa anadya phula.

MUNDA NAWO ULI NDI MABVUTO AKE

Wina asaganize kuti tikacoka ku nyanja ndi kupita ku munda tathawa mabvuto onse. El Niño yemwe uja amene anatenthetsa madzi a ku Peru mu 2023 ndiye anabweretsa cilala kuno kwathu m'nyengo ya 2023 ndi 2024, kotero kuti pa 29 February 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Cimanga cinauma m'minda, ndipo gaga, amene anali wochipa, anayamba kufunidwa ndi onse: oweta nkhuku, oweta nkhumba, oweta nsomba. Mtsinje wa Chongwe nawo udziwika kuti uphwa m'zaka zouma, ndipo dziwe lopanda madzi silibala nsomba ngakhale cakudya cikhale cabwino cotani. Amene mufuna kukumba dziwe, yambani mwadziwa kumene madzi adzacokera mu October.

Ndiponso mafuta a soya ndi a mpendadzuwa ndi omwewo amene amai aphikira. Botolo likakwera mtengo m'sitolo, likweranso kwa wopanga cakudya ca nsomba. Cifukwa cake nzeru ili pa kugwiritsa nchito zimene munthu sadya: keke yotsala pofinya, gaga, manyowa a m'khola. Mlimi amene alima soya ndi mpendadzuwa, nafinya mafuta a panyumba, napatsa keke kwa nkhuku ndi nsomba, nathira manyowa a nkhuku m'dziwe, nathirira ndiwo za masamba ndi madzi a m'dziwemo, ameneyo wamanga nkhokwe imene mtengo wa dola suigwetsa msanga. Kusiyana kwa munda ndi nyanja ya ku Peru n'kumeneku: mundawo ngwathu, ndipo tingaukonze ndi manja athu.

KWA INU OGULA

Tsopano ndibwerere kwa inu amene simuweta, koma mugula. Kodi nsomba yodyetsedwa mafuta a mbeu njabwino kudya? Inde, njabwino ndithu. Mnofu wake umanga thupi monga nsomba ina iri yonse, ndipo kuweta kotere ndiko kucititsa kuti nsomba yaiwisi ipezeke pa msika ngakhale kuyambira December kufika February, pamene Boma litseka usodzi m'madzi ambiri kuti nsomba ziswane. Popanda mafuta ndi ufa wa m'munda, bream akanakhala ndiwo ya mabwana okha.

Koma musayembekeze kuti bream woweta yekha adzakwaniritsa zonse. Bream ndi nsomba ya mafuta ocepa kuyambira kale, ndipo wodyetsedwa mbeu zokha-zokha ali ndi EPA ndi DHA wocepa kuposa tinsomba todzidyera tokha m'nyanja. Cotero musanyoze kapenta ndi cisense. Tinsomba timeneti tidya tizirombo todya ndere, ndipo tili ndi mafuta aja a ubongo. Popeza tidyedwa tathunthu, mutu, maso ndi minga yomwe, tipatsanso thupi zolimbitsa mafupa ndi zoonjezera magazi, zimene munthu ataya akadya mnofu wokha wa nsomba yaikuru. Mai wapakati, mai woyamwitsa, ndi mwana amene wayamba kudya phala ndiwo afunika tinsomba timeneti koposa onse. Kwa mwana wamng'ono, kazingani kapenta, mumsinje, musefe, ndi kuthira supuni m'phala lake.

Ena a ife tikakwezedwa pa nchito tiyesa kapenta ndiwo ya umphawi, ndipo ticita naye manyazi pamaso pa alendo. Maganizo amenewo ngolakwa. Nyumba yanzeru idya bream lero, kapenta mawa, nyemba ndi nshawa mkuja. Tikatero, mlimi wa ku Chongwe adzadyetsa nsomba zake ndi mbeu za m'munda mwake, kapenta adzatsala m'mbale ya ana, ndipo onse awiri adzagulika pa mtengo umene wanchito angaukwanitse.

Mukapita ku msika pa kutha kwa mwezi uno, gulani zonse ziwiri.